Chotupa cha ana a kunyanja: mbiri yake ndi phunziro lake

Aliyense amene anafikapo ku Cape Maclear, kwa Chembe, akudziwa kuti m'tsinde mwa phiri muli manda akale a amishoni. Alendo ambiri amangowalambalala, mtima uli kumadzi. Koma kwa munthu wofuna kudziwa mbiri ya matenda ndi mankhwala m'dziko lino, amenewa ndi malo abwino kuyambirapo, chifukwa opaleshoni yoyamba yotchuka kuno inachitikira pomwepa, ndipo inali yochotsa chotupa.

Sitima ya Ilala inalowa m'nyanja mu Okutobala 1875 itanyamula amishoni a ku Scotland. Mmodzi mwa iwo anali dotolo wachinyamata wa zaka 24, Robert Laws. M'mwezi wa Malichi 1876 kunabwera mnyamata wina amene anali ndi chotupa pamwamba pa diso. Laws anamununkhitsa mankhwala ogonetsa otchedwa chloroform, mnyamatayo n'kugona ngati wafa, dotolo n'kung'amba, n'kuchotsa chotupacho. Olemba mbiri amati aka kanali koyamba kuti munthu achitidwe opaleshoni atagonetsedwa motere m'chigawo chino cha pakati pa Africa.

Tangoganizani, awerengi, zimene zinali m'mitu ya mnyamatayo ndi abale ake. Mlendo wosadziwa bwino chinenero chanu akuti mugone, akudulani, ndipo simumva kupweteka. Akanakana palibe akanamunena. Koma iye anavomera. Mwayi wake unali wakuti chotupacho chinali chonga kathumba, chimene mpeni umatha kuchichotsa chonse. Paja si chotupa chilichonse chimene chili khansa.

Amishoni aja sanakhalitse pa Cape Maclear. Malungo anawasautsa zedi. Dotolo William Black anamwalira mu 1877 atangokhala miyezi yochepa, ndipo mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe. Nthawi imeneyo palibe ankadziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu. Ronald Ross anadzatulukira zimenezi ku India mu 1897. Panapitanso zaka zoposa 60 dziko lisanazindikire kuti malungo omwewo amathandizira kubweretsa khansa ina yoopsa pakati pa ana a m'mbali mwa nyanja.

Tsaya lotupa

Ife amene tinakulira kunyanja nthendayi tinaiona ndi maso, ngakhale dzina lake sitinkalidziwa. Ndikukumbukira mnzanga wa Sitandade 2, mnyamata wodziwa kuwedza kuposa tonsefe. Tsaya lake linayamba kutupa. Poyamba anati ndi dzino, kenaka anati matsagwidi. Mwezi usanathe mano anayamba kugwedera, diso n'kutong'oka. Apa akuluakulu anati ayi, awa si matenda wamba, pali munthu wachita zimenezi. Anamutemera mphini, anapita naye kutsidya kukaombeza, mbuzi inapita, nkhuku zinatha m'khola. Pamene ankaganiza zokwera naye basi n'kuti mwana atasiya kale kudya. Tinamuika m'manda mvula isanagwe. Mabanja awiri sakulankhulana mpaka lero chifukwa cha gogo wina amene analozedwa chala.

Nditakula ndi kuwerenga ndinazindikira kuti zizindikiro zonse za mnzangayo zinali za khansa imene inali italembedwa kale m'mabuku, ndipo mankhwala ake analipo.

Koma khansa n'chiyani? Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Maselo amabadwa, amagwira ntchito, amafa, ena n'kulowa m'malo mwake. Khansa imayamba pamene maselo ena aleka kumvera lamulo limeneli: amangoswana osapumira, n'kuunjikana kukhala chotupa, kenaka n'kumwazikira mbali zina za thupi. Ilipo mitundu yoposa 100, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mayendedwe ake ndi mankhwala ake. Ina imayenda pang'onopang'ono zaka zambiri. Iyi ya tsaya, imene imagwira maselo a chitetezo cha m'thupi, ndi imodzi mwa zothamanga koposa. Chotupa chake chimatha kuwirikiza kukula kwake m'tsiku limodzi kapena awiri okha.

Dotolo wa diso limodzi

Amene anaitulukira ndi Denis Burkitt, dotolo wa opaleshoni wobadwira ku Ireland mu 1911. Anataya diso limodzi ali ndi zaka 11, koma ndi lotsalalo anaona zimene anzake a maso awiri anaziphonya. Mu 1957, akugwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala, m'dziko la Uganda, anamuonetsa mwana wa zaka 5 wotupa nsagwada mbali zonse. Patangopita masabata ochepa anaonanso wina wotero pa chipatala china. Anayamba kufunyulula mafayilo akale, n'kupeza kuti ana otupa nsagwada aja ankakhalanso ndi zotupa m'mimba, mu impso ndi kuseri kwa diso. Madotolo ankaziyesa nthenda zosiyana, chonsecho inali imodzi. Mu 1958 analemba lipoti la ana 38, koma ambiri sanalilabadire.

Burkitt sanagwe mphwayi. Anadzifunsa funso losavuta: kodi ana amenewa amachokera kuti? Anatumiza timapepala ta zithunzi ku zipatala mazanamazana mu Africa, ndipo yankho lililonse ankalibaya ndi kapini pa mapu. Mu Okutobala 1961 iye ndi anzake awiri, madotolo a mishoni Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale ya Ford n'kuyamba ulendo wa makilomita pafupifupi 16,000. M'masabata 10 anayendera zipatala zoposa 50, kuchokera ku Uganda mpaka ku South Africa, ndipo anadutsa muno, dziko likadali Nyasaland. Paliponse ankatulutsa zithunzi n'kufunsa kuti, kodi ana otere mumawaona? Amachokera midzi iti?

Mapu anayankha. Pafupi ndi Uganda nthendayi inkapezeka mpaka m'malo okwera mamita 1,500. Ku Nyasaland malire ake anatsika kufika pa mamita pafupifupi 900: odwala ankachokera m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, pomwe kumapiri kozizira inali yosowa. Kum'mwera kwenikweni inatsalira m'mphepete mwa nyanja yamchere basi. Mangochi, amene nthawi imeneyo ankatchedwa Fort Johnston, ndi malo otsika osafika mamita 500, choncho ali m'kati mwenimweni mwa dera la nthendayi. Akatswiri a tizilombo ku Entebbe anathandiza kumasulira mapuwo: nthendayi imakonda kumene kutentha sikutsika pansi pa madigiri 15, ndiponso kumene mvula imaposa mamilimita 500 pachaka. Kunena mwachidule, kumudzi kwa udzudzu.

Tiime kaye pamenepa. Nthenda imene imatsata kutentha ndi mvula, imene imagwira mwana wa ku Makanjira chimodzimodzi wa m'mbali mwa nyanja ya Victoria, koma n'kumulambalala wa pamwamba pa phiri la Dedza, kodi ingakhale yotumidwa ndi gogo wa khomo loyandikana nalo? Mfiti yake ndi iti yodziwa kuyeza madigiri?

Akuba awiri

Miyezi ingapo ulendo uja usanayambe, mu Malichi 1961, Burkitt anakakamba za nthendayi pa chipatala cha Middlesex ku London. M'gulu la omvera munali Anthony Epstein, katswiri wa tizilombo ta mavairasi. Anapempha kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupa pa ndege kuchokera ku Kampala. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kachilombo kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr. Aka kanali kachilombo koyamba kudziwika kuti kamatha kuyambitsa khansa mwa munthu. Matsaya a ana a mu Africa anaphunzitsa dziko lonse lapansi.

Koma panali chozunguza mutu. Kachilomboka kali paliponse, ngakhale ku London komweko. Kamafala kudzera m'malovu, ndipo kuno pafupifupi mwana aliyense amakatenga asanayambe sukulu, n'kukhala nako moyo wonse osadwala. Nanga bwanji khansayo ikusankha ana a malo otentha? Pofika kumapeto a zaka za m'ma 1960, Burkitt ndi anzake anagwirizana kuti wakuba wachiwiri ndi malungo. Mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza, maselo a chitetezo momwe kachilombo kaja kamabisala amakakamizika kuswana mothamanga, pomwe ena amene amakalondera amatopa. M'chipwirikiti chimenecho selo limodzi limasokonekera, ndipo khansa yayamba. Wina amathyola chitseko, wina n'kulowa.

Kafukufuku wa ku Blantyre amene anafalitsidwa mu 2008 anatsimikiza zomwezi pa ana athu: amene magazi awo ankaonetsa kuti alimbana kwambiri ndi malungo komanso kachilomboka ndiwo anali pachiopsezo chachikulu. Imakonda ana a zaka zapakati pa 4 ndi 9, anyamata kuposa atsikana. Tinenenso poyera kuti khansayi sipatsirana. Mwana wotupa tsaya angadye mbale imodzi ndi anzake popanda vuto. Ndipo ana ambiri odwala malungo saidwala ayi.

Mankhwala apezeka

Nkhani yabwino ndi yakuti khansa yothamanga chonchi imagonjanso msanga. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1960, Burkitt ndi anzake anayesa mankhwala otchedwa methotrexate ndi cyclophosphamide. Anadabwa kuona zotupa zikuluzikulu zikuphwa m'masiku ochepa. Iyi inakhala imodzi mwa khansa zoyamba kuchizika ndi mankhwala okha, popanda mpeni.

Kuno kwathu, kumene kwa zaka zambiri iyi yakhala khansa yopezeka kwambiri mwa ana, ntchito yaikulu inagwiridwa pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Maina a Pulofesa Elizabeth Molyneux, Dotolo Peter Kazembe ndi Pulofesa Peter Hesseling wa ku South Africa sangaiwalike pa nkhaniyi. Ku Ulaya ana oposa 9 mwa 10 aliwonse amachira, koma amalandira mankhwala amphamvu kwambiri, atazunguliridwa ndi makina, magazi ndi anamwino okwanira. Atayesa kuonjezera mphamvu ya mankhwala ku Blantyre cha m'ma 2000, ana angapo anamwalira ndi ukali wa mankhwalawo, chifukwa ambiri ankafika ali onyentchera kale. Madotolo anabwerera m'mbuyo n'kukonza ndondomeko yofatsa ya masiku 28, ya cyclophosphamide ndi jekeseni wa pamsana. Lipoti la mu 2009 linaonetsa kuti pafupifupi theka la ana anali moyo wopanda chotupa patatha chaka, ndipo mankhwala a mwana mmodzi sankafika madola 50 a ku America.

Apa pali phunziro kwa tonse. Mankhwala okali koposa sindiwo abwino koposa nthawi zonse. Abwino ndi amene thupi la wodwala ndi chipatala chomusamala zingawakwanitse. Ngakhale madotolo amayeza phindu ndi kuopsa asanasankhe.

Nanga theka linalo limatayika bwanji? Ena khansa imawakanika ndithu, tisanamizane. Koma ambiri amafika mochedwa, chotupa chitafalikira kale m'mafupa kapena mu ubongo. Enanso amathawa mankhwala asanathe. Msampha wake ndi womwe uja: jekeseni woyamba, tsaya laphwa, mwana wayamba kusewera. Mayi akaganiza za ana amene anawasiya kumudzi, munda wosapalira, ndi ndalama ya basi ya makilomita pafupifupi 190 kuchokera pa boma la Mangochi kudzera ku Liwonde ndi Zomba, amangomanga katundu. Chonsecho mizu idakalimo. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu chotupa chimabwerera, ndipo ulendo uno sichimvanso mankhwala ngati poyamba.

Ofufuza pa Gulupu anacheza ndi magadiyani, ndipo zimene anapeza zinafalitsidwa mu 2008. Makolo sankathawa chifukwa chosakonda ana awo ayi. Chinkawavuta ndi thiransipoti, chakudya ndi ntchito za kunyumba zimene zaima. Ena ankada nkhawa kuti kutenga magazi pafupipafupi kufooketsa mwana, koma ankaopa kufunsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mkodzo wofiira

Malungo si nthenda yokha ya kunyanja imene tinaizolowera mpaka kuiyesa m'bale. Ilipo ina, likodzo. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti mnyamata akamakodza magazi ndiye kuti akukula. Nyongolotsi yake anaitulukira Theodor Bilharz ku Cairo mu 1851, ndipo mu 1911 dotolo wina komweko, A. R. Ferguson, anaona kuti odwala khansa ya chikhodzodzo ambiri analinso ndi likodzo. Mu 1994 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inaika nyongolotsiyi pa mndandanda wa zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Mazira ake amakanirira m'chikhodzodzo n'kumachitupitsa chaka ndi chaka, ndipo mwa anthu ena zilondazo zimadzasanduka khansa munthu ali bambo kapena mayi wa ana.

Ku Cape Maclear komwe kuja likodzo linakula kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Akatswiri anapeza kuti chimodzi mwa zifukwa chinali kutha kwa nsomba zimene zimadya nkhono, chifukwa cha makoka okokedwa m'madzi osaya. Nkhono ndizo zimasunga nyongolotsiyo. Kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, ana a sukulu oposa 8 mwa 10 aliwonse kwa Chembe anapezeka nalo. Komatu mankhwala ake, praziquantel, ndi mibulu yomwa tsiku limodzi, ndipo amagawidwa m'masukulu. Kholo limene likuuza mwana kuti asamwe likusankha, mosadziwa, za chikhodzodzo chake cha zaka 30 zikubwerazo. Munthu wamkulu amene wamwa mankhwala a likodzo koma magazi sakuleka asadzinamize kuti ndi likodzo lomwe lija. Akaunikidwe.

N'chimodzimodzi ndi malungo. Mu Epulo 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, ndipo Mangochi anali m'gulu la maboma oyambirira. Maneti a udzudzu amagawidwa ulere. Koma tinene chilungamo, neti ikapita kunyanja kukagwira usipa, mwana amagona pambalambanda.

Kusankha modziwa

Tsono mbiri yonseyi ikutisiyira chiyani tsiku limene nthenda yagogoda pakhomo pathu? Choyamba ndi nthawi. Mwana akatupa tsaya kapena mimba mothamanga, mano akamagwedera popanda chifukwa, diso likamatong'oka, kapena miyendo ikafooka mwadzidzidzi, apite ku chipatala sabata yomweyo, kaya ndi pa boma, ku Monkey Bay kapena ku St Martin's ku Malindi, kuti amuone ndi kumutumiza kumene kuli akatswiri. Sindikunyoza miyambo ya makolo athu. Ndikungowerenga masiku: chotupa chowirikiza m'masiku awiri sichingadikire masabata atatu a mphini.

Chachiwiri ndi banja. Kuno kwathu mayi sangovomera yekha zinthu zazikulu zokhudza mwana. Amadikira mawu a bambo, a malume, a mwinimbumba. Mwambowu ndi wabwino, mutu umodzi susenza denga. Koma malume ali ku Joni kapena ali pa ulendo wa usodzi, aimbiridwe lamya tsiku lomwelo. Ndipo msonkhano wa banja usathere pa funso lakuti wachita zimenezi ndani. Ukambirane zakuti akhale ndi mwana ku chipatala ndani, alime munda ndani, ndalama ya basi ya maulendo onse ichokera kuti. Mbuzi imene ikanapita kwa woombeza ndiyo thiransipoti imeneyo.

Chachitatu ndi kufunsa. Wodwala kapena gadiyani ali ndi ufulu wodziwa, m'Chichewa kapena m'Chiyao, zimene zikuchitika. Kodi ndi khansa yamtundu wanji, ndipo mwatsimikiza poyeza kachidutswa ka chotupa? Yafika pati? Cholinga cha mankhwalawa ndi kuchiritsa kapena kuchepetsa ululu? Tikhala masiku angati, tibweranso kangati? Zovuta zake ndi zotani? Tikasiyira panjira chichitike n'chiyani? Dotolo wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Adzakuuzani kuti kusanza, kuthothoka tsitsi ndi zilonda za m'kamwa zimachitika ndipo zimatha, koma kuti mwana amene ali pa mankhwalawa akatentha thupi muthamange naye usiku womwewo, chifukwa chitetezo chake chimakhala chitatsika. Adzakuuzaninso kuti mwana wa khansa ya Burkitt akatha chaka chathunthu chotupa osabwerera, kawirikawiri ndiye kuti wachiriratu.

Nthawi zina yankho limakhala lowawa: nthenda yapita patali. Pamenepanso pali chosankha. Banja lingasankhe chisamaliro chochepetsa ululu, monga chimene chinayamba pa Gulupu pansi pa maina a Umodzi kwa ana ndi Tiyanjane kwa akulu, kuti wodwala akhale kwawo pakati pa abale ake, osabuula. Kutero si kumutaya. Chosayenera ndi kugulitsa ngalawa ndi munda chifukwa cha munthu wa m'misika amene akulonjeza botolo limodzi lochiza khansa zonse. Taona kale kuti khansa ndi mitundu yoposa 100. Botolo limodzi lingaidziwe yonse bwanji?

Zinthu zasintha. Kale wofunika kuotchedwa khansa ndi makina ankayenera kutuluka m'dziko lino, koma mu 2025 boma linatsegula chipatala chachikulu cha khansa ku Lilongwe. Komabe makina, ngakhale akhale a ndalama zochuluka bwanji, sangachize munthu amene sanafike, kapena amene wathawa pakati pa mankhwala.

Mukadzapitanso kwa Chembe, imani pang'ono pa manda aja. Ogona pamenepo sankadziwa chimene chinkawapha. Mnyamata wa mu 1876 uja anagona pansi pa mpeni popanda buku lililonse lomuuza kuti adzuka. Ife tili ndi mapu a Burkitt, tikudziwa dzina la kachilombo, tikudziwa ntchito ya udzudzu ndi nkhono, ndipo mankhwala alipo. Mnzanga wa Sitandade 2 akanafika msanga, mwayi wake wochira ukanakhalapo ndithu, ndipo gogo uja akanamwalira ndi dzina lake labwino. Lero lino kwinakwake pakati pa Malembo ndi Makanjira pali mwana amene tsaya lake layamba kutupa, ndipo akuluakulu akhala pansi pa mtengo kuti akambirane. Ngati muli nawo pa bwalolo, awerengi, yambani ndi funso la basi.